Kwa a Cyril Ramaphosa ndi Nduna ya Apolisi: Mfutizi Zikuchokera Kuti?

Olemekezeka a Pulezidenti, ndi inu a Nduna,

Ndine Mmalawi, mmodzi mwa anthu ambirimbiri amene tinadutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge kudzasaka ganyu m'dziko mwanu la South Africa. Kuno sindivota, ndipo ena anganene kuti wobwera sayankhula pa milandu ya eni mudzi. Koma kwathu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komanso zipolopolo za ku Philippi ndi ku Delft, malokeshoni a ku Cape Town kuno, sizifunsa pasipoti. Ndalemba m'Chichewa kuti anzanga amene timasonkha nawo ndalama zotumizira maliro kumudzi amve zimene ndakuuzani. Omasulira simungawasowe ku ofesi yanu ku Union Buildings.

Apolisi anu analengeza kuti m'chaka cha 2023/24 anthu 27,621 anaphedwa m'dziko muno. Amenewo ndi maliro 75 tsiku lililonse, la Mulungu lomwe. Pa anthu 100,000 alionse, pafupifupi 45 anafa ndi dzanja la munthu mnzawo chaka chimenecho. Ku America, kumene timamva za ana kuwomberedwa m'kalasi, chiwerengero chomwecho chinkangosewera pakati pa 5 ndi 7 m'zaka zimenezo. Kumayambiriro kwa 2025 imfazi zinatsikako, ndipo tinathokoza, koma aliyense wogona m'mashaki amadziwa kuti Lachisanu usiku kukadali kulira mfuti.

Pa 21 Meyi 2025 tonse tinakuonerani pa mafoni muli ku White House. A Donald Trump analamula kuti magetsi achepetsedwe, n'kukuonetsani kanema wa mitanda yoyera yondanda m'mbali mwa msewu, akumati ndi manda a alimi achizungu. Sanali manda ayi. Inali mitanda imene anthu anazika mu 2020 kufupi ndi Newcastle podandaula za kuphedwa kwa bambo ndi mayi ena pafamu pawo. Masiku ochepa m'mbuyo mwake, azungu 59 a mtundu wa Afrikaner anali atatera ku America monga othawa kwawo. Munadekha tsiku limenelo, ndipo ulemu wanu. Chimene chinandiwawa n'chakuti dziko lonse lapansi linakambirana za imfa za muno kwa sabata yathunthu, koma nkhani yonse inali ya khungu. Mabungwe a alimi eni akewo amawerenga anthu pafupifupi 50 ophedwa m'mafamu pachaka, ndipo m'mafamumo amafanso antchito akuda. Imfa zimenezo n'zoopsa, zina zimachitika mwankhanza yosaneneka, sindikuzipeputsa. Komabe maliro a m'mafamu a chaka chonse safika pa maliro a dziko lino a tsiku limodzi.

Nkhani ya khunguyi ili ndi mbali ina imene anthu sainena pa wailesi, amangoinong'ona. Ife amene timasesa m'nyumba ndi kudula kapinga m'mayadi timaimva ikutuluka pakhonde, moŵa ukalowa: akuti anthu akuda anabadwa ndi mtima wa chiwawa. Ku America amaikometsera ndi manambala. Amati akuda ndi 13 pa anthu 100 alionse m'dzikomo, koma pa ophedwa onse iwo ndi pafupifupi theka. Nambalayo ndi yoona. Chabodza ndi chimene amafuna kuti nambalayo inene.

Ngati kupha kuli m'magazi a munthu wakuda, wina andifotokozere za kwathu. Malawi ndi dziko la anthu akuda bii, losauka kuposa South Africa kutalitali, koma ziwerengero za bungwe la United Nations zimaika ophedwa kumeneko pa anthu pafupifupi 2 mwa 100,000. Ku Ghana n'chimodzimodzi. Mwina munganene kuti apolisi akwathu salemba zonse, ndipo sindingakutsutseni, poti kumudzi zina zimathera kwa amfumu. Chulukitsani nambalayo kasanu, simufikabe ngakhale pa theka la ya kuno. Mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba amene kwawo amayenda usiku kuchokera kokaonera mpira osaopa kanthu, akafika ku lokeshoni ya Nyanga ku Cape Town amakhoma chitseko dzuwa likangolowa. Khungu lake ndi lomwelo, la oyandikana nawo ndi lomwelo. Mumzinda wa New York anthu 2,245 anaphedwa mu 1990, koma mu 2017 sanakwane 300. Kuno nako, chiwerengero chinali pafupifupi 67 pa 100,000 pamene a Mandela ankalowa m'boma, chinatsika kufika pa 30 m'chaka cha 2011/12, kenako n'kukweranso kufika pa 45. Magazi a mtundu wa anthu sasintha m'zaka 17 n'kubwereranso mwakale m'zaka 12. Chimene chinasintha tichifune kwina.

Za chikhalidwe sindingazitaye msanga chotero, chifukwa ndimachokera kudziko kumene zikhulupiriro zaphetsa anthu popanda chipolopolo n'chimodzi chomwe. Kuyambira mu 2014 abale athu achialubino oposa 20 aphedwa ku Malawi kaamba ka bodza lakuti mafupa awo ndi chizimba cha chuma. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe mpaka mu Blantyre. Nkhalamba zathu zimagendedwa pozinamizira ufiti. Choncho wina akati zimene anthu amakhulupirira ndi zimene anazolowera zimapha, ine ndimavomera.

Kunonso zilipo. Ambiri opha ndi ambiri ophedwa ndi amuna achinyamata, ndipo zambiri zimachitika kumapeto kwa sabata, pamalo omwera moŵa, pa mkangano umene m'mawa mwake palibe angaukumbukire bwino. Pali kaleredwe kamene kamauza mwana wamwamuna kuti wonyozedwa pagulu ayenera kubweza pomwepo, apo ayi si mwamuna. Mukukumbukira nokha zimene zinachitika mutaletsa kugulitsa moŵa nthawi ya Covid-19: pa 1 Januwale 2021 chipinda cholandirira ovulala pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath chinapezeka chopanda wodwala, chinthu chimene sichinachitikepo pa chaka chatsopano m'mbiri ya chipatalacho.

Koma chikhalidwe nacho chili ndi tsiku limene chinabadwa. Magulu a zigawenga a ku Cape Flats, dera la malokeshoni a ku Cape Town, a Americans ndi a Hard Livings ndi anzawo, sanagwe ndi mvula. Mu 1966 boma la tsankho linalengeza kuti District Six, pakati pa mzinda wa Cape Town, ndi dera la azungu, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa n'kukatayidwa pamchenga ku Manenberg, Hanover Park ndi Lavender Hill, kutali ndi ntchito, kutali ndi agogo ndi azakhali amene ankayang'anira ana. M'malokeshoni ena abambo ankakhala m'mahositelo a m'migodi miyezi yambiri pachaka, ana n'kumakula osawadziwa, ndipo wapolisi ankabwera kudzafunsa chiphaso basi, osati kudzateteza munthu. Anthu okhala kumene boma silifika amaphunzira kudziweruzira okha milandu. Zimenezi n'zimene ena akuzitcha chikhalidwe cha makaladi, cha Amazulu kapena cha Amaxhosa, ngati kuti makolo awo anawasiyira monga mwambo wa chinamwali. Ndaona kuti mawu amenewa amakoma kwambiri m'kamwa mwa munthu waudindo amene akufuna kusamba m'manja, pakuti chikhalidwe sichingaitanidwe ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso.

Tsopano ndifike pa mfuti, pamene pagona kalata yanga.

Lamulo la Firearms Control Act linavomerezedwa mu 2000, ndipo linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2004. Linakweza zaka za wopempha laisensi kuchoka pa 16 kufika pa 21. Linati munthu ayambe wapeza chikalata chosonyeza kuti mfuti amaidziwa ndiponso alibe mbiri ya nkhanza, mfuti iliyonse ikhale ndi laisensi yakeyake, yodzitetezera ikhale imodzi yokha ndipo laisensi yake izikonzedwanso pakatha zaka 5. Apolisi anayamba kufinya ngakhale lamuloli lisanayambe mokwanira, ndipo mfuti zambirimbiri zinasonkhanitsidwa n'kuphwanyidwa. Ofufuza otsogoleredwa ndi a Richard Matzopoulos anaunika kaundula wa mitembo m'mizinda 5 kuyambira 2001 mpaka 2005, n'kupeza kuti imfa za mfuti zinkatsika ndi 13.6 peresenti chaka chilichonse, pamene imfa za mipeni, zibonga ndi zina zinkangotsika pang'ono. Anawerengera kuti miyoyo yoposa 4,500 inapulumuka m'mizinda imeneyo mokha. Mitima ya anthu ikanakhala kuti ndiyo inafewa, za mipeni nazo zikanatsika mofanana. Anthu ankakanganabe, ankaledzerabe, ankachitabe nsanje. Kungoti wobayidwa nthawi zambiri amafika kuchipatala akupuma, ndipo mpeni sungaphe anthu 16 m'kanthawi kochepa monga zinachitikira m'tavern ya ku Orlando ku Soweto mu Julaye 2022. Podzafika 2009 owomberedwa n'kufa anali pafupifupi 18 patsiku. M'zaka zapitazi adutsanso 30.

Chinabweza zinthu m'mbuyo n'chiyani? Gawo lina la yankho lili ndi dzina, ndipo linkavala yunifolomu yanu. Colonel Christiaan Prinsloo anali wapolisi wamkulu woona za mfuti ku Vereeniging m'chigawo cha Gauteng. M'manja mwake munkadutsa mfuti zolandidwa kwa achifwamba ndi zimene anthu anapereka okha mokhulupirira boma, zoyenera kukaphwanyidwa. Iye ndi mnzake anazitulutsa m'nkhokwe, pafupifupi 2,400, n'kuzigulitsa, ndipo zambiri zinakathera m'manja mwa zigawenga za ku Cape Flats. Apolisi a ku Western Cape ndiwo anayamba kudabwa poona mfuti zambiri zofufutidwa manambala mofanana, ngati dzanja limodzi ndilo linagwira ntchitoyo. Kafukufuku wawo, wotchedwa Project Impi, anasonyeza kuti mfuti zimenezi zinagwiritsidwa ntchito pa kupha anthu osachepera 1,066 pakati pa 2010 ndi 2016, ena mwa iwo ana amene ankangosewera pabwalo. Prinsloo anavomera mlandu ndipo mu Juni 2016 anagamulidwa zaka 18. Mu 2020 anali atatuluka kale pa parole, asanamalize chilango. Akuluakulu awiri amene ankatsogolera kafukufukuyu, a Jeremy Vearey ndi a Peter Jacobs, anasamutsidwa pa maudindo awo chaka chomwecho cha 2016, mpaka anakadandaula kukhoti la za ntchito n'kupambana. Mfuti zambiri za Prinsloo sizinapezeke mpaka lero, ndipo mfuti siwola ngati chinangwa. Yobedwa mu 2010 ikhoza kupha munthu usiku uno.

Pa 18 Sepitembala 2020, Lieutenant Colonel Charl Kinnear, wapolisi wofufuza milandu ya zigawenga, anawomberedwa n'kufa ali m'galimoto pakhomo pa nyumba yake ku Bishop Lavis ku Cape Town. Mwa milandu imene ankafufuza munali wa apolisi anzake oganiziridwa kuti ankakonzera akuluakulu a zigawenga malaisensi a mfuti mwachinyengo. Chaka ndi chaka apolisi amanena okha kuti mfuti zawo mazanamazana zasowa kapena zabedwa, ndipo za anthu wamba ndi za makampani a alonda zimasowa m'masauzande. Kenako mu Julaye 2025 mkulu wa apolisi ku KwaZulu-Natal, a Nhlanhla Mkhwanazi, anaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti magulu a zigawenga alowerera mpaka pamwamba pa apolisi ndi andale. Munapumitsa nduna, a Senzo Mchunu, n'kuika nkhaniyo m'manja mwa komiti ya Jaji Mbuyiseli Madlanga. Sindiweruza zimene oweruza sanamalize. Ndingoti mayi wa ku Manenberg amene anaika m'manda mwana wophedwa ndi mfuti yochokera m'nkhokwe ya boma sadzamvetsa mukamamuuza kuti vuto ndi chikhalidwe cha kwawo.

Ndikudziwa zimene eni mfuti amayankha, ndipo si zopusa zonse. Amati ku Switzerland mfuti ndi zambiri koma kuphana kulibe. Amati ku America kuli mfuti 120 pa anthu 100 alionse, kuno zili pafupifupi 10 zokha, koma ophedwa ndi ochuluka kuno. N'zoona, kuchuluka kwa mfuti pakokha sikufotokoza zonse. Chofunika n'chakuti mfutiyo ili m'manja mwa yani, ndipo woiwombayo akuyembekezera chiyani mawa lake. Ku Switzerland wopha munthu amadziwa kuti agwidwa. Kuno, pa milandu 100 ya kupha, imene apolisi amapeza wolakwa siikwana 15, pamene cha m'ma 2011 inali pafupifupi 30. Ngakhale ku America komweko, mu 2021 anthu pafupifupi 21,000 anaphedwa ndi mfuti, anthu 8 mwa ophedwa 10 alionse, ndipo n'chifukwa chake amaposa kutali mayiko olemera anzawo. Mu 2021 boma lanu litatulutsa maganizo oti kudziteteza kusakhalenso chifukwa chopezera laisensi, anthu anakwiya kwambiri, ndipo ine sindinawadabwe. Simungauze mwini shopu amene waberedwa katatu kuti apereke mfuti yake kupolisi, iye akukumbukira kumene mfuti zoperekedwa kupolisi zinakathera. Yambani mwatseka nkhokwe zanu, kenako mudzakambirane naye.

Pali gulu lina limene chala chimakonda kuloza, ndilo ife. Andale ena akafuna mavoti amati upandu wabwera ndi makwerekwere, dzina lonyoza limene amatitchula ife obwera. Sindinama kuti tonse ndife angelo. Alipo obwera amene ali m'ndende zanu moyenera, Amalawi ena ali momwemo, ndipo za magulu okumba golide mobisa okhala ndi mfuti zazikulu tonse timazimva. Koma kalembera wanu wa 2022 anapeza obadwira kunja okwana 2.4 miliyoni, pafupifupi 4 pa anthu 100 alionse. Chigawo chimene chimatsogola pa kuphana poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ndi Eastern Cape, kumene obwera ndi ochepa. Anthu 18 amene anawomberedwa ku Lusikisiki mu Sepitembala 2024 anafera kumudzi, m'makomo mwa abale awo. Kuloza chala obwera sikunatsitsepo chiwerengero, kwangowonjezera maliro: anthu 62 mu Meyi 2008, ena mwa iwo nzika zanu zomwe, chipolowe cha ku Durban mu Epulo 2015 chimene chinachititsa boma la Malawi kutumiza mabasi odzatenga anthu ake, Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe amene anatenthedwa ku Diepsloot mu Epulo 2022. N'zomvetsa chisoni kuona munthu wakuda amene amakwiya mzungu akamati upandu uli m'magazi ake, iye n'kutembenuka kukanena mawu omwewo kwa wakuda mnzake wochokera kutsidya kwa Limpopo.

Khungu limalowadi m'nkhaniyi, koma pakhomo lina. Imfa za muno sizinamwazikane mofanana. Zaunjikana m'madera ochepa odziwika ndi maina: Nyanga, Delft, Mfuleni, Inanda, Umlazi ndi ena otero, malo amene ulamuliro wa tsankho unasankhira anthu amene sunkawafuna pafupi. Komiti ya Jaji Kate O'Regan ndi a Vusi Pikoli inafotokoza mu 2014 mmene upolisi unafookera ku Khayelitsha, ofufuza milandu atasenza madoketi osatheka kuwamaliza. Mu Disembala 2018 khoti la Equality Court linagamula kuti kagawidwe ka apolisi ku Western Cape kamasala anthu akuda ndi osauka, poti madera ophana kwambiri ndiwo anali ndi apolisi ochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Kumayadi kumene timagwira ntchito kuli mipanda yamagetsi, makamera, ndi galimoto ya alonda imene imafika foni isanazizire. Kumene timagona kulibe ngakhale nyale ya mumsewu, ndipo njira zake galimoto ya polisi singadutsemo. Munthu mmodzimodziyo masana amakhala m'dziko lotetezeka, usiku m'dziko lina. Mukafuna kukamba za mtundu, kambani zimenezi, chifukwa izi zili m'mphamvu yanu kuzisintha.

Mutu waukulu sulewa nkhonya, a Pulezidenti, ndiye ndipempha kwa inu. Lamulani kuti mfuti zonse za boma ziwerengedwe, za apolisi, za asilikali, za apolisi a m'mizinda, ndipo owerengawo asakhale omwewo osunga makiyi. Chiwerengero cha zosowa chizilengezedwa polisi iliyonse payokha, kuti mkulu wa pamalopo azidziwa kuti dzina lake limveka. Mfuti yolandidwa iyesedwe ngati inaphapo munthu, ikatero iphwanyidwe msanga pamaso pa mboni zochokera kunja kwa polisi, isamagone m'nkhokwe zaka ndi zaka kudikira Prinsloo wina. Ofesi ya kaundula wa mfuti, Central Firearms Registry, imene ngakhale aphungu anu akhala akuidandaula chifukwa cha milu ya mapepala, ikonzedwe kuti mfuti iliyonse izidziwika mwini wake pa kompyuta. Mabanja amene anapita kukhoti mu 2023 mothandizidwa ndi bungwe la Gun Free South Africa, ofedwa ndi olumala chifukwa cha mfuti za Prinsloo, musawatopetse ndi maloya. Boma linalephera kusunga katundu woopsa amene linapatsidwa, lipepese ndi kulipira. Ofufuza milandu aluso atumizidwe kumene kuli mitembo, poti khoti linanena kale kuti kagawidwe ka apolisi n'kosala.

Chomaliza chikukhudza ife obwera. Ambiri mwa anzanga alibe mapepala okwanira, ndipo amakhala m'madera omwe aja ophana kwambiri. Amaona zinthu. Amadziwa nyumba imene mumabwerekedwa mfuti, amadziwa amene anathawa chakumadzulo kuja kutalira mfuti. Koma sapita kukanena, poopa kuti funso loyamba likhala la pemiti, ndipo wobwera kudzapereka umboni akagona ku Lindela kudikira basi yomubweza kwawo, wakuphayo ali pakona akumwa moŵa. Ikani lamulo lomveka, lolembedwa ndi kupachikidwa pakhoma la polisi iliyonse, lakuti wodzanena za kuphedwa kwa munthu kapena za mfuti yobisidwa adzamvedwa kaye ngati mboni ndi kutetezedwa mpaka mlandu utatha. Za mapepala akezo a Home Affairs adzazifunse pa tsiku lawo.

Ine wanu mwaulemu,

Mmalawi wokhala ku Cape Town